Papaya Wamwamuna

Juni uno chakwana chaka chimwalirireni malume anga, aFilipo Ngozo. Adapita ndi chibayo, nthawi ya chisanu chija chimatsika m'phiri la Dedza n'kulowa mpaka m'mafupa. Adasiya mkazi wawo aNaphiri, nyumba ya malata, dimba la kachewere, ndi mudzi wathunthu wa anthu oyenda ndi mayina a mitengo. Mwana sadasiye. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kwathu si nkhani yaing'ono. ANaphiri adabwera chitengwa kuchokera ku Mayani, ndipo mtengwa wopanda mwana amakhala pamudzi ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Zaka zonse za ukwati wawo, chomwe chidawasunga pamudzi pathu ndi pakamwa pa malume. Pakamwapo patatsekeka, tonse tidadziwa kuti funso lakale loti akhalabe kapena azipita libweranso.

Koma ndisathamange, poti eni akewo ankadana ndi munthu wothamangira kumapeto a nkhani. Ankati ameneyo ndi wothyola pichesi wosapsa, mano adzayayamira yekha.

Mitengo adaidziwira m'phiri. Adayamba ali mnyamata ku nazale ya paini, kuthira dothi m'machubu, kenaka adalowa gulu la ocheka matabwa ndi sowo wa anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje. Iwo ankasankha m'dzenje ngakhale utuchi umagwera m'maso, ati wapansi ndiye amaona za m'mimba mwa mtengo. Ine ndidawadziwa msana utayamba kale kukana. Ankakhala pa chipika m'mbali mwa njira yotsikira m'phiri, atavala jasi lakuda lomwe silinkadziwa nyengo, kabotolo ka fodya wa m'mphuno kali m'manja. Akakumana ndi munthu watsopano ankamugwira dzanja kwa nthawi yaitali, kenaka n'kumugogoda paphewa ndi chala chopinda, khutu atatchera, monga ankachitira ndi chipika pofuna kumva ngati chili ndi mphako. Masiku akale, akuti, ikamatha sabata, dzina latuluka.

Woyamba amene ndikumukumbukira ndi aBulugamu, bambo wamtali wa kutsidya kwa mtsinje. Alendo ankayesa dzinalo n'la kutalikako, koma ayi. Malume ankati bulugamu amamwa madzi onse yekha, pansi pake osamera ngakhale bonongwe, ndipo amene adaona ana a bamboyo mmene ankaonekera, atate awo ali kumowa, sankafunsa kawiri. Mayi wina wosasunga chinsinsi adali Msuku wa Disembala: sufuna kugenda kapena kugwedeza, ukangoima pansi pake umagwetsa wokha. Mkamwini wina yemwe ankapirikitsidwa chaka ndi chaka n'kumabwererabe adali Malaina, poti malaina ngakhale udule bwanji, mvula yoyamba aphukanso. Akatekisiti athu, ovala jekete mu Okutobala n'kuyenda ndi malaya okha mu Juni, adali aMsangu, mtengo uja umayoyola masamba mvula ikagwa, anzake onse akubiriwira. Anyamata obwera ku Joni ndi nsapato zosongoka ankangowaika pamodzi kuti ndi paini: kukula msanga, kuwongoka bwino, koma ukasiya panja nyengo imodzi chiswe chalowa.

Ine adandipatsa gwafa, nditayamba uphunzitsi n'kumasamutsidwa sukulu ndi sukulu. Ndidakondwa, ndimvekere chipatso chokoma chimenecho. Adandisiya ndikondwe mwezi wathunthu, kenaka adandifunsa ngati ndimadziwa njira imene gwafa amayenda kuti akamere paliponse kuthengo. Amene adakulira kumudzi akuidziwa njirayo. Sindidawayankhule mpaka Khirisimasi.

Dzina likatuluka silinkabwerera. Pa maliro a aBulugamu, ansembe atatchula dzina laubatizo, anthu adayang'anana kuti kodi tikuika yani. Mawuwo adafika polowa m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku. Mpaka lero kwathu mwana akamaliza yekha zitumbuwa za anzake amati wabulugama, ndipo chimfine chikabwereranso timati chamalaina. Pamsika wa paboma wogulitsa akati mtengo wakwera, malume ankayang'ana kumwamba mwachidwi n'kufunsa kuti wakwera pa chiyani, poti chibadwire iwo amangoona mtengo ukukweredwa.

Si onse ankaseka. Mkulu wa kwaya, bambo wa mawu ogwedeza malata, atamva kuti akutchedwa Nsungwi adakadandaula kumphakati wa tchalitchi, ndipo malume adaitanidwa. Adafika atavula chipewa, nkhope ya munthu wolakwiridwa.

"Ine ndawayamikira," adatero. "Nsungwi ndi dengu, nsungwi ndi lichero, nsungwi ndi nkhokwe. Pakhomo popanda nsungwi ndi pakhomo ngati?"

"Musatipusitse, aNgozo," adatero mayi wina wa mphakati. "Mukunena kuti amalira kwambiri chifukwa m'kati mulibe kanthu."

"Zimenezo mwanena ndinu, mayi. Ine sindidafikeko kumeneko."

Mlandu udathera pomwepo, koma mkulu wa kwayayo adakhala chaka osawapatsa moni, ndipo mayi uja ndi amene adapepesa.

Mkangano wosatha udali wa iwo ndi mayi anga, aNangozo, mlongo wawo wamng'ono. Adakangana za malire a dimba, za mbuzi, za amene adaswa mtsuko wa agogo onse ali ana. Malume ankawatcha Nkhadze, ati ndi mpanda wabwino, mbuzi siidutsa, wakuba sadutsa, koma ukathyola kanthambi utomoni n'kugwera m'diso, ulira mpaka mawa. Mayi ankabwezera kuti iwo ndi chitsa, ntchito yake kupunthwitsa anthu odziyendera. Ndi dzina lokhalo limene munthu wina adawapatsa malume, ndipo adalilandira ndi manja awiri. Pa maliro awo mayi adalira akuitana chitsacho, anthu n'kumaseka misozi ili m'masaya. Sindidaonepo maliro osekedwa ngati amenewo. Aliyense wobwera kudzakhuza ankadzitchula ndi mtengo wake, ndipo pasiwa padali ngati nkhalango yabwera kudzaperekeza mwini wake.

Pamudzi ponse aNaphiri okha ndiwo sadapatsidwe mtengo. Ndi mayi wamfupi, woyankhula motsitsa, wodziwa kuphika thobwa loti ukamwa umaiwala kumene umapita. Anzawo onse adasanduka amake uje, amake uje, koma iwo adakhala aNaphiri kuyambira utsikana mpaka imvi. Ukawafunsa malume chifukwa chake akazi awo alibe mtengo, ankati ntchito ya kuphiri imathera pakhomo. Komabe padali nthawi imene anthu ena adawapatsa mtengo aNaphiri, ndipo adautenga m'thumba la malume momwemo.

Mawu oti papaya wamwamuna adawayambitsa ndi iwo, ndipo poyamba sankakhudza za ana n'komwe. Ankanena amuna amalonjezo, aja amati mawa ndifolera nyumba, mawa ndigula njinga: maluwa mbwee chaka chonse, chipatso ayi. Anthu adawakonda mawuwo n'kuwatola. Tsono kwathu papaya wotere tisanamudule timayamba tamumangirira chitsononkho pathunthu ndi luzi, ati achite manyazi ayambe kubereka. Alipo amene amalumbira kuti zimatheka.

Zomwe ndinene apazi zidachitika ine ndisanabadwe, zaka zija othawa nkhondo ku Mozambique adadzaza m'malire. Ndazimva kwa anthu ambiri, aNaphiri omwe, ndipo zimagwirizana. Ukwati utatha zaka zingapo kuli zii, abale adayamba kunong'ona, kenaka kuyankhula. Akulu awo a malume, aDamiano, ankawaitanira kuseri kuwauza kuti dzina la Ngozo lisathere panjira: mkaziyo abwerere kwawo, apo ayi apeze wachiwiri mwakachetechete, ansembe asamve. Malume ankazemba ndi nthabwala. Akazi a pamudzi adaona kuti amuna akuchedwa, ndipo adaganiza zofulumizitsa.

M'mawa wina aNaphiri adasiya ndowa yawo pamzere kuchitsime n'kupita kukathyola chisoso pafupi pomwepo. Pobwera adapeza pachogwirira cha ndowayo pamangidwa chitsononkho ndi luzi. Akazi adangophimba pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka, wina n'kuyamba kuimba kanyimbo kopanda mawu. ANaphiri adamasula luzi lija bwinobwino, adatenga ndowa yopanda madzi, nabwerera kunyumba. Adamanga nsalu zawo m'kamtolo n'kuuyatsa ulendo wa kumsewu.

Amene adakwera phiri kukagwetsa nkhaniyi kudzenje la macheka ndi Msuku wa Disembala, ndipo tsiku limenelo pakamwa pakepo padathandiza. Malume adatsika chothamanga, utuchi uli mbuu m'mutu, nawapeza akazi awo pamlatho wa mitengo.

"Mukupita kuti, aNaphiri?"

"Kwathu."

"Kwanu n'kumene mwachokaku."

ANaphiri adatulutsa chitsononkho chija m'nsalu n'kuwaonetsa. "Mawu ndi anu awa, aNgozo. Anzanu angomangako luzi."

Malume adachiyang'anitsitsa chitsononkhocho. Madzi ankadutsa pansi pa mlatho, iwo ali chiimire. Kenaka adatambasula dzanja.

"Ndipatseni. Mundipatsenso mpaka Lamulungu. Likadutsa inu mukufunabe kupita, ndidzakuperekezani ndekha, katundu ndidzanyamula ine."

Lamulungu lidafika. Misa yonse malume adakhala jasi atamanga mabatani mpaka pakhosi. Itatha, anthu ali panja kupatsana moni monga mwa masiku onse, adakaima pasitepe ya tchalitchi n'kumasula jasi lija. Pachifuwa padali chitsononkho, chitalendewera pa luzi ngati tayi. Achinyamata adayamba kuseka. Iwo adadikira kuti kusekako kukwane.

"Ndabwera kudzathokoza amene adatiganizira kuchitsime," adatero. "Mankhwala mudapeza abwino, ine sindikutsutsa. Kungoti mudamanga mtengo wolakwika."

Kuseka kudayamba kuchepa.

"Mawuwa ndidawayamba ndine, tsono ndifunse monga mwini. Timati papaya wanji?"

Mnyamata wina wosazindikira adayankha kumbuyo kuti wamwamuna.

"Wamva bwino mwana ameneyo. Wamwamuna. Nanga m'nyumba mwanga muja wamwamuna ndani? Mwakhala mukugenda mtengo wosalakwa, wolakwa akudutsa pamaso panu tsiku ndi tsiku ndi sowo paphewa."

ADamiano adayandikira. "Filipo, vula chinthucho. Ukuyalutsa mtundu."

"Achimwene, mankhwala savula asanagwire ntchito. Kuyambira lero wofuna kuseka za m'nyumba mwanga wadziwa pogenda. ANaphiri, tiyeni tizipita, ine njala."

Adatsika pasitepe, anthu n'kuwapatukira. ANaphiri adawatsata pambuyo, maso ali pansi, ndipo kamtolo kaja kadamasulidwa madzulo omwewo. Aliyense adangoti ndiye kuti kuchipatala cha paboma adawayeza n'kuwauza, poti ndi mwamuna uti angadzinamizire zoterozo dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mpingo wonse?

Chitsononkhocho adachivala dzinja lonse, kudimba, kumsika, kumaliro, mpaka luzi lidafumbwa n'kuduka lokha. Anthu amakonda kuifotokoza nkhaniyi ngati nthabwala ina ya aNgozo, ndipo ine zimandipsetsa mtima, chifukwa adailipira. Pamowa akayamba kuyankhula, wina ankati ana akhale chete akulu akukamba. Paunkhoswe wa ana a abale awo adasiya kuwaitana, ati munthu wosadziwa kulera akalangiza chiyani. Kungoma ankavina kutsogolo ndi chishango, koma kuyambira chaka chimenecho adawabweza kumzere wakumbuyo popanda wonena chifukwa. Anyamata a m'phiri ankawaponyera zitsononkho m'dzenje akucheka. Iwo ankazitola n'kuthokoza kuti apeza zoyatsira moto, koma mayi anga akuti chaka chimenecho jasi lidawakulira.

Ndidawafunsapo mayi kuti adamanga chitsononkho chija ndani. Adapitiriza kusenda kachewere, osandiyang'ana. Ndidafunsanso.

"Kuchitsime tidalipo ambiri," adatero.

"Koma womanga adali mmodzi, amayi."

"Luzi lidali langa," adatero, n'kunditumiza kukatenga mchere womwe udali pambali pawo pomwepo.

Kuchokera Lamulungu lija mawu oti papaya wamwamuna adafa pamudzi pathu. Amuna amalonjezo alipobe, achulukanso, koma timawatcha zina. Malume adapitiriza kugawa mitengo mpaka ukalamba, kungoti akuti adayamba kuchedwa nayo. Dzina limene kale linkatuluka pa sabata lidayamba kutenga mwezi, ndipo alendo ena ankawagogoda paphewa, kumvetsera, n'kungowasiya opanda dzina. Pakhomo pawo ana a eni ake sankatha. Ankabwera kudzamwa thobwa, kudzathyola mapichesi, kudzafunsa kuti iwo ndi mtengo wanji, malume n'kumawauza kuti akadali ku nazale, abwerenso akamera ndevu. Palibe adayerekezanso kuwafunsa aNaphiri za ku Mayani mwamuna wawo ali moyo.

Chaka chino titamanga chiliza, akuluakulu adakhala pansi n'kuwasudzula aNaphiri monga mwa mwambo, kuti ndi omasuka, akhoza kukhala, akhoza kupita. Ndinene zoona, palibe adawathamangitsa. Kwathu sitithamangitsa munthu, timangomufunsa mafunso. Ana a aDamiano adayamba kubwera mmodzimmodzi, aulemu, zipewa zili m'manja. Kodi ku Mayani akuti bwanji masiku ano? Dimba lalikulu lonseli mulima nokha, agogo? Malatawa akayamba kudontha adzakukwererani ndani? Mayi anga adakalipa mpaka mawu adasasa, kuti alamu awo sachoka, kuti amene akufuna dimba ayambe wawaika iwo m'manda. Koma mayi akalamba, ndipo anyamata amakono amangodikira nkhalamba imalize kuyankhula. Ine ndidawapempha aNaphiri kuti tikakhale limodzi kunyumba ya kusukulu. Adathokoza, nati akufuna akafere kumene kuli manda a amayi awo.

Ndidawaperekeza kumsewu waukulu. Katundu wawo yense adakwana m'chikwama chimodzi ndi ndowa. Tidakhala pamwala kudikira minibasi, mphepo ya m'phiri ikutikwapula, ndipo ndidafunsa chinthu chomwe ndidakhala nacho zaka zambiri.

"ANaphiri, kodi malume adakayezetsa liti? Musanafike pa zakuchitsime zija, kapena pambuyo pake?"

Adandiyang'ana modabwa. "Kuyezetsa kuti?"

"Kuchipatala. Kumene adawauza kuti vuto ndi lawo."

Adaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Mwanawe, ife kuchipatala za zimenezo sitidapondeko. Ine mpaka lero sindidziwa kuti lidali la yani. Iwonso apita osadziwa."

"Nanga bwanji adanena zija pamaso pa anthu?"

"Ndidawafunsa tikuchokera kutchalitchi konko. Ndidati aNgozo, mwadziwa bwanji? Adati sakudziwa, ndipo sakufuna kudziwa. Adati katundu akabwera pakhomo wopanda dzina amanyamula amene adazolowera kusenza matabwa." Adakonza mpango wawo kumutu. "Ndidawauza kangapo kuti tiyeni tikayezetse, mwina anthu angakusiyeni. Ankakana. Ankati nanga akakapeza kuti ndi inu, ine ndidzavala chiyani?"

Minibasi idafika, kondakitala akukuwa. Adakweza ndowa ija, aNaphiri adakwera, ndipo ine ndidalira pamsewu ngati mwana, osasamala amene akundiona.

Sabata yatha ndidadutsa pakhomo pawo. Dimba lagawidwa kale, mizere ya kachewere yafika mpaka pamene padali khola. Chitseko adachimanga ndi waya. Mapichesi sadaduliridwe, ndipo bwalo lomwe linkasesedwa m'mawa uliwonse lamera udzu mpaka pakhonde. Pakhondepo pali malo awiri pomwe dothi lidasalala n'kulowa pansi chifukwa chokhalapo, oyandikana kuposa mmene mwamuna ndi mkazi achikulire amakhalira kwathu kuno. Pamodzi mwa malowo nkhuku ya eni ake inkasamba fumbi. Ndili chiimire, padadutsa mtengwa watsopano wa banja lina, wobwera chaka chomwechino, ndowa ili m'manja. Sankandidziwa, ndipo ndidamufunsa kuti pano ndi pa yani.

"Sipakhala munthu, amayi," adatero. "Akuti ndi pa agogo ena ake, adalibe ana."

Adanena mwaulemu, atapinda bondo, n'kupitiriza ulendo wake wa kumjigo.